Makina Aulere Amadyanso Ndalama

Tsiku loperekera thandizo ku chipatala limakhala lokoma. Anthu amaombera m'manja, zithunzi zimajambulidwa, katundu amalowa m'wodi. Funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti pakatha chaka, katunduyo adzakhala akugwirabe ntchito kapena adzakhala ataphimbidwa nsalu pakona. Mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino ambiri amawerengera ndalama zogulira chinthu, n'kuiwala ndalama zoti chinthucho chiziyendera tsiku ndi tsiku, pomwe moyo wa wodwala wagona pa ndalama zachiwirizi.

Tiyeni tione makina opangira mpweya wa okisijeni, aja amaikidwa pambali pa bedi la mwana wodwala chibayo. Mpweya umene timapumawu uli ndi okisijeni 21 peresenti yokha. Makinawa amaukoka, n'kuudutsitsa m'timiyala ting'onoting'ono totchedwa zeolite tomwe timagwira nayitrojeni, ndipo umene umafika kwa wodwala umakhala ndi okisijeni woposa 90 peresenti. Ambiri amatulutsa malita 5 kapena 10 pa mphindi. Ubwino wake ndi woti safuna kudzazitsa ngati masilinda, koma sasunga mpweya ngakhale pang'ono: magetsi akangozima, mpweya umathera pomwepo. Choncho wopereka makinawa popanda batire, sola kapena silinda yodikirira wapereka thandizo lopereŵera.

Kumbuyo kwake kuli kasefa ka siponji kofunika kuchapa sabata iliyonse, n'kukaumitsa bwino musanakabwezeretse. Fumbi likatseka kasefako makina amatentha, ndipo chinyezi chikaloŵa mkati timiyala tija timafooka. Choopsa n'chakuti makina otere amapitiriza kulira ngati ali bwino, kampira ka m'chubu kosonyeza kuti mpweya ukutuluka kakukwera monga mwa masiku onse, pamene okisijeni watsika. Namwino amaona mwana akubanikabe n'kumaganiza kuti matenda ndiwo akula. Malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ndi oti okisijeni akatsika kuchepera 82 peresenti makinawo akonzedwe, ndipo zimenezi simungazidziwe ndi maso. Pamafunika kachipangizo koyezera, kotsika mtengo poyerekeza ndi makinawo, koma nthawi zambiri ndi komwe kamasoŵa m'katoni ya mphatso.

Palinso nkhani ya magetsi. Makina opangidwira ku America amayendera mavoti 110 mpaka 120, pomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito 220 mpaka 240. Kungowalumikiza popanda thiransifoma, amapsa tsiku loyamba lomwelo. Makina oyezera magazi nawo ali ndi msampha wawo: ambiri amalola mankhwala oyezera ochokera ku kampani yomwe inawapanga basi. Paketi yobwera ndi mphatso ikatha, chipatala chimapezeka kuti chiyenera kuitanitsa kunja ndi ndalama zomwe sizinali m'bajeti. Walira mvula walira matope, ndipo chipatala cholandira chiyenera kuuzidwa za matopewo chisanasaine.

Pa mankhwala, dziko lapansi linaphunzira mowawa. Chivomezi chitachitika ku Armenia mu 1988, kunatumizidwa matani pafupifupi 5,000 a mankhwala ndi zipangizo, ndipo anthu 50 anatha miyezi 6 akungosankhula kuti adziwe zomwe zabwera. Ena anali otha mphamvu, ena olembedwa m'zilankhulo zomwe ogwira ntchito sankatha kuŵerenga. Zinabwerezekanso pa nkhondo ya ku Bosnia, kumene matani pafupifupi 17,000 anapezeka osagwiritsika ntchito, n'kusiya chintchito chowaotcha mosamala. Mu 1996 WHO pamodzi ndi mabungwe ena inatulutsa malangizo a kaperekedwe ka mankhwala. Mfundo zake n'zosavuta: perekani zomwe olandira apempha, mankhwala akhale ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo asanathe mphamvu pofika m'dzikomo, alembedwe dzina lake lenileni m'chilankhulo chomveka kwa achipatala, ndipo chimene sichiloledwa kwanu musachipereke kwa ena. Mankhwala otsala kwa odwala kunyumba, ngakhale mtima utakhala wabwino chotani, sayenera kutumizidwa.

Nanga ndalama zenizeni? Zambiri zimabwera zomangidwa, kutanthauza kuti wopereka wanena kale ntchito yake ndipo sizingakhudzidwe pa china chilichonse. Cholinga chake n'chomveka, ndi kutseka mpata wosokoneza. Koma zikamangidwa mopyola muyeso, mumapeza ambulasi yatsopano itaima chifukwa palibe ndalama ya mafuta, matayala ndi malipiro a dalaivala, kapena wodi yomangidwa bwino yopanda namwino wausiku. Ovutika kwambiri ndi omwe amayamba kugwa m'mphako imeneyi, chifukwa munthu wopeza bwino amakwera galimoto n'kukafuna thandizo kwina. Ine ndimaona kuti wopereka aliyense ayenera kupatula gawo la ndalama zake kuti likhale la kukonzetsa, masipeyala ndi maphunziro a ogwiritsa ntchito, ngakhale zitatanthauza kugula makina atatu m'malo mwa asanu.

Bungwe la Gavi, lomwe linayamba mu 2000 kuthandiza maiko osauka kupeza katemera, linaganizira za nthawi yomwe thandizo lake lidzathe. Dziko lolandira limalipirako kagawo pa mtengo wa katemera, ndipo gawolo limakwera chuma cha dziko chikamakula mpaka lidzadzigulire lokha. Ndalamayo ndi yochepa, koma imachititsa kuti katemera akhale ndi malo ake m'bajeti ya boma wopereka asanachoke.

Nzeru yomweyo ikhoza kugwira ntchito ngakhale pa mphatso ya gulu laling'ono. Musanagule kanthu, khalani pansi ndi namwino wamkulu wa wodi, wosunga mankhwala ndi amene amakonza zipangizo, osati akuluakulu a mu ofesi okha. Afunseni chomwe chimasoŵa kwambiri, mtundu wa makina omwe ali nawo kale kuti masipeyala azifanana, ndi komwe kumapezeka munthu wodziwa kuwakonza. Lembani pa pepala amene adzagule masefa, mabatire ndi mankhwala oyezera chaka chachiŵiri ndi chachitatu, aliyense asainire gawo lake. Buku la malangizo libwere pamodzi ndi katunduyo, ndipo pakatha miyezi 6 wina apite ndi kachipangizo koyezera kaja akaone ngati mpweya wofika pamphuno pa mwana udakali pamwamba pa 82 peresenti.