Kuyamwitsa muli ndi ma implant m'mabere: nkhawa yeniyeni ili pati?

Amayi amene anaikitsa ma implant, timatumba ta silikoni toikidwa m'mabere pa opareshoni, akakhala oyembekezera, funso lawo loyamba limakhala lomweli: kodi silikoni uja sadutsira mu mkaka n'kumupweteka mwana? Ena amafunsa motsitsa mawu, ena amadikira kaye anzawo onse atuluke m'chipinda. Ine ngati mzamba funso limeneli ndimaliyankha mosavuta chifukwa yankho lake ndi lokhazika mtima pansi. Koma pali lina lomwe ambiri salifunsa n'komwe, loti kodi mkakawo ukhala wokwanira, ndipo limeneli ndi lomwe limandisowetsa tulo.

Tiyambe ndi za silikonizo kuti zichoke. Ma implant alipo amitundu iwiri ikuluikulu, ena mkati mwake muli madzi a mchere, ena muli jelo wa silikoni, koma onsewo kachikopa kakunja ndi ka silikoni. Oyamba a jelo anaikidwa mu 1962 ku Houston, ku America, ndi madokotala Thomas Cronin ndi Frank Gerow. Mu 1992 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linawaimitsa kaye chifukwa cha madandaulo a amayi, kenako linadzawalolanso mu 2006, nde mantha ambiri amene mukumva lero anachokera nthawi imeneyo. Mu 1998 ofufuza a ku Toronto, ku Canada, anayeza silicon, chomwe ndi gwero la silikoni, mu mkaka wa amayi a ma implant ndi wa amayi opanda, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni. Chomwe anapeza n'choti mu mkaka wa ng'ombe wogula munali wochuluka pafupifupi kakhumi, ndipo mu fomula, mkaka wa makanda wa m'chitini uja, munali wochuluka kuposa pamenepo. Mu 2001 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena kuti palibe umboni woti ma implant a silikoni akhale chifukwa choletsera mayi kuyamwitsa. Paja olo timadontho ta simethicone tomwe makanda amapatsidwa mimba ikamawapota timapangidwa kuchokera ku silikoni yemweyo. Nde mayi amene akusiya bere n'kuthamangira chitini poopa silikoni, zoona zake sakumuthawa ayi.

Komanso mwana sangaboole implant poyamwa. Implant imakhala kumbuyo kwa nyama yopanga mkaka, pena kumbuyo kwa mnofu wa pachifuwa, kakamwa ka mwana sikafikako.

Tsopano za kuchuluka kwa mkaka. Amayi ambiri a ma implant amayamwitsa bwinobwino, izi n'zoona ndipo ndikufuna muzisunge mumtima. Koma n'zoonanso kuti mukawayerekeza ndi amayi amene sanapangidwepo opareshoni ya bere, ambiri ndithu mwa iwo amafunika kuwonjezera mkaka wina. Kuti mudziwe mbali imene inuyo muli, muyambe mwaona pamene pali chipsera. Ngati adokotala anacheka pansi pa bere, pamzere pamene bere limagonera pachifuwa, kapena kukhwapa, nthawi zambiri tinjira ta mkaka sitikhudzidwa kwenikweni. Koma ngati anacheka mozungulira malo akuda aja a kunsonga ya bere, apo mpeni umadutsa pafupi ndi pomwe tinjira ta mkaka timasonkhana, komanso pomwe pamadutsa mtsempha umene umachititsa kuti nsonga ya bere izimva kukhudza. Mtsempha umenewu umachokera pakati pa nthiti yachinayi ndi yachisanu ndipo ntchito yake si yamasewera. Mwana akamayamwa ndi umene umatumiza uthenga ku ubongo kuti utulutse mahomoni awiri, prolactin, yemwe amapangitsa mkaka, ndi oxytocin, yemwe amaufinya kuti utsike. Uthengawo ukamafika mofooka mkaka umatsikanso mwaulesi. Nde dzifunseni, nsonga ya bere imamva bwino mukaikhudza? Ngati inachita dzanzi pambuyo pa opareshoni kenako kumva kunabwerera pang'onopang'ono, ndi chizindikiro chabwino, chifukwa mitsempha imachira ndi nthawi, ndipo opareshoni ya zaka zingapo zapitazo imavutitsa mochepa kuposa ya chaka chatha. Implant yomwe ili pansi pa mnofu nayo imakanikiza nyama ya mkaka mochepa kusiyana ndi yomwe ili pamwamba pa mnofu, makamaka ikakhala yaikulu.

Koma chinthu chimene anthu amachidumpha kwambiri ndi ichi: munaikitsa ma implant chifukwa chani? Sindikufunsa moweruza, thupi ndi lanu. Ndikufunsa chifukwa yankho lake limatiuza zambiri kuposa chipsera. Mayi amene mabere ake anali aang'ono chabe koma ozungulira bwino, ameneyo nyama yopanga mkaka anali nayo kale yokwanira, sinanga kukula kwa bere kwambiri ndi mafuta. Koma pali amayi ena amene mabere awo sanakule mokwanira pa utsikana, anali owonda ndi otalika ngati chubu, otalikirana kwambiri pakati, limodzi lalikulu kwambiri kuposa linzake, malo akuda a kunsonga otukumuka, ndipo ambiri mwa amayi amenewa ndi omwe amapita kukaikitsa ma implant kuti akonze maonekedwe. Vuto n'loti implant imakonza kunja kokha, nyama yopanga mkaka imakhalabe yochepa monga inalili, nde mwana akabadwa mkaka n'kumachepa aliyense amaloza chala opareshoni, mayi nayenso n'kumadziimba mlandu usiku onse kuti ndinamulakwira mwana wanga, chonsecho mkakawo ukanachepabe olo akanapanda kuikitsa. Ngati muli ndi zithunzi zakale opareshoni isanachitike, zimathandiza kwambiri kuonetsa amene akukuthandizani. Muonenso ngati mabere anasintha muli ndi pakati, kukula, kulemera, kuwawa pang'ono, mitsempha kuonekera. Akakhala kuti sanasinthe n'komwe miyezi yonseyo, munene msanga. Kwa amayi amene anachotsedwa bere lonse chifukwa cha khansa n'kuikidwa implant, bere limenelo silitulutsa mkaka, koma linzakelo ngati lili bwino limatha kulera mwana palokha.

N'chifukwa chake ndimapempha, chonde amayi, musabise. Ndikudziwa ena olo amuna awo kapena achibale sadziwa, ndipo chipsera cha pansi pa bere chimatha kukhala kamzere kotuwa koti munthu wothamanga ndi ntchito sangakaone. Koma uzani mzamba kapena dokotala wanu muli ndi pakati, mutha kunena muli awiri ndipo chinsinsi ndi ntchito yathu kusunga. Ngati khadi la implant kapena mapepala a opareshoni muli nawo, bwerani nawo. Tikadziwa, mwana wanu timamuyang'anira mwapadera masabata awiri oyambirira, m'malo moti tidzadzidzimuke atawonda kale.

Mwana akabadwa chiyambi n'chimodzimodzi ndi mayi wina aliyense. Aikidwe pachifuwa panu khungu kukhungu, ayamwe mu ola loyamba, ndipo aziyamwa pafupipafupi, ka 8 mpaka 12 pa maola 24, usiku womwe. Mkaka woyamba wachikasu uja umakhala wochepa mwachibadwa, timadontho basi, musati ndi ma implant.

Msampha uli pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu mwana atabadwa, mkaka ukamabwera. Bere lomwe muli kale implant likadzaza limalimba gwa, limanyezimira, limawawa kuposa la mayi wina chifukwa malo mkatimo ndi ochepa. Aliyense woona amati eee mkaka ulipo wambiri. Koma bere la implant limaoneka lodzaza nthawi zonse, olo mwana atayamwa silifota ngati ena, nde simungadalire maso kapena dzanja kuti mudziwe ngati mkaka ukutuluka. Tinjira tina tikakhala kuti tinadulidwa, mkaka umapangidwa koma ulibe potulukira, bere n'kumatupa mwana ali ndi njala. Choncho yang'anani mwanayo. Akagwira bere bwino, kukamwa kuli yasa, chibwano chitakhudza bere, amayamba ndi kuyamwa kofulumira kenako amasintha, chibwano chimatsika pansi n'kuima kaye pang'ono chisanakwere, ndipo m'chipinda mukakhala chete mumamva kakuti "kah" akamameza. Kuima pang'ono kumeneko ndiye mkaka ukudzaza m'kamwa. Mwana amene akungonyung'unya mwachangu osaima, n'kugona pabere, mukamuchotsa n'kuyamba kulira, ameneyo sakupeza zokwanira olo atakhala pabere ola lathunthu.

Matewera nawo sanama. Pofika tsiku lachisanu mwana azinyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake woyera osati wachikasu chakuda, ndipo chimbudzi chikhale chitasintha kuchoka pa chakuda chomata chija kufika pa chachikasu chofewa. Makanda onse amatsika sikelo masiku oyamba, koma kutsika kukamafika pa 10 peresenti ya sikelo yobadwa nayo pafunika kuchitapo kanthu tsiku lomwelo, ndipo pofika masiku 10 mpaka 14 akhale atabwerera pomwe anabadwira. Ine mwana wa mayi wa ma implant ndimafuna ayezedwe pa sikelo pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenakonso pa masabata awiri, osadikira tsiku la katemera. Mwana wongogona osadzuka kuti ayamwe, m'kamwa mouma, maso kapena khungu lachikasu, ameneyo musagone naye kunyumba, pitani kuchipatala.

Bere likalimba mpaka mwana kulephera kuligwira, ikani nsonga za zala zanu mozungulira tsinde la nsonga ya bere n'kukanikiza pang'onopang'ono molunjika kuchifuwa kwa mphindi imodzi, muona malo akuda aja akufewa ndipo pamatsala timaenje ta zala, apo muikeni mwana nthawi yomweyo. Mukamaliza ikani nsalu yozizira. Kufinya pang'ono ndi dzanja kuti mupepukidwe kulibe vuto, pampu nayonso siwononga implant. Chomwe sindifuna ndi kukanya bere mwamphamvu kuja, komwe ena amati tiphwanye zibuma za mkaka, kumangowonjezera kutupa ndi kuvulaza nyama. Ngati mbali ina yafiira, yatentha, thupi latentha ndipo mukumva kuphwanya ngati malungo, kaonaneni ndi dokotala tsiku lomwelo ndipo muuzeni kuti muli ndi implant. Musasiye kuyamwitsa bere limenelo, mkakawo sumudwalitsa mwana. Ndipo pakafunika kubaya jakisoni kuti achotse mafinya, wobayayo ayenera kudziwa kuti kumbuyoko kuli chani, bola achite akuona pa sikani.

Nanga mukayesetsa zonse sikelo osakwera? Apa ndi pomwe ndimafuna tilankhulane mwachilungamo, chifukwa amayi amavutika ndi mawu a anthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 n'kupitiriza mpaka zaka 2 kapena kuposa, ndipo ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma mwana wanjala sadikira mfundo. Ngati mkaka wanu ukukwana theka, mupatseni theka limenelo ndipo lotsalalo muwonjezere, kaya ndi mkaka womwe mwafinya nokha, kaya wochokera ku banki ya mkaka woperekedwa ndi amayi ena komwe iliko, kaya fomula yosungunula moyenera ndi madzi owiritsa. Si nkhani yosankha bere kapena chitini, ziwirizi zimayendera limodzi bwinobwino ndipo chitetezo chomwe chili mu mkaka wanu mwana amachipezabe olo utakhala wochepa. Pali kachubu kakang'ono kofewa komwe timamata ndi pulasitala pabere, nsonga yake n'kufika pansonga ya bere, mbali inayo ili m'kabotolo ka mkaka, nde mwana akamayamwa amalandira zonse pamodzi, sakhumudwa ndi bere, ndipo bere limapitiriza kulandira uthenga woti lipange. Kapu yaing'ono imagwiranso ntchito. Yambani ndi bere nthawi zonse, kuwonjezera kubwere pambuyo, ndipo mukatha finyaniko pang'ono. Mankhwala owonjezera mkaka musagule mwa inu nokha, ena amasokoneza kagundidwe ka mtima, komanso sangapange nyama ya mkaka pomwe palibe. Chinanso cholimbikitsa, mimba iliyonse imakulitsa nyama yopanga mkaka, nde si zachilendo kuti mwana wachiwiri apeze wambiri kuposa woyamba.

Ena amaopa kuti kuyamwitsa kuwononga zomwe analipira, mabere agwa. Chomwe chimagwetsa mabere kwenikweni ndi mimba yeniyeniyo, kuchuluka kwa mimba, msinkhu, kusuta fodya ndi kusinthasintha kwa thupi, ndipo izi zimachitika kaya mwayamwitsa kaya ayi. Implant payokha sisintha chifukwa choyamwitsa. Mukasiyitsa dikirani miyezi ingapo mabere akhazikike musanaganize zokakonzetsanso.

Kuyamwitsa sikuchotsa udindo woyang'anira ma implant enieniwo. Ya madzi a mchere ikabooka mumadziwa chifukwa bere limaphwa, koma ya jelo imatha kung'ambika mwakachetechete, n'chifukwa chake FDA imalangiza sikani ya ultrasound kapena MRI pakatha zaka 5 mpaka 6 chiikireni, kenako zaka 2 mpaka 3 zilizonse. Ultrasound mutha kupanga mukuyamwitsa. Bere limodzi likatupa mwadzidzidzi mosagwirizana ndi mkaka, likasintha maonekedwe, kapena mukamva chotupa chomwe sichikutha patatha masiku angapo, musangoti ndi za kuyamwitsa, kapimitseni.

Kwa inu amene simunaikitse koma mukuganizira ndipo mudzafuna ana, muuzeni dokotala wa opareshoniyo mosapita m'mbali kuti mudzafuna kuyamwitsa. Mufunseni acheka pati, aika pamwamba kapena pansi pa mnofu, yaikulu bwanji, komanso ngati akuona kuti mabere anu ali ndi nyama ya mkaka yokwanira. Ngati akufuna kukwezanso mabere nthawi yomweyo, funsani ngati nsonga ya bere isunthidwe, chifukwa apo chiopsezo ku mkaka chimakula. Mayankho akewo akulembereni papepala, mzamba wanu adzawafuna.