Rimoti siigwira ndi netiweki ayi

Anthu ambiri kuno ku Mangochi mpaka pano amaganiza kuti rimoti ya TV kapena ya dikoda imagwira ngati foni, eti imatumiza mafunde a wailesi, ndiye ikangovuta amayamba kuidina mwamphamvu kapena kuimenya pachikhatho. Ayi ndithu, rimoti wamba imatumiza kuwala basi. Kutsogolo kwake kuli kababu ka LED kotulutsa kuwala kwa infrared kwa ma nanometer (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala) pafupifupi 940, maso athu sangakuone koma makamera a mafoni ambiri amakuona, tayesani kuloza rimoti pa kamera mudine batani, muona kakuphethira kwa mtundu wa pepo.

Kababuko kamayaka nkuzima pafupifupi ka 38,000 pa sekondi, ndipo batani lililonse lili ndi kodi yake, ya mtundu wotchedwa NEC mwachitsanzo imakhala ma bit 32, kutanthauza ma 0 ndi ma 1 okwana 32. Poti ndi kuwala, mwana akaima kutsogolo kwa TV tchanelo sichisintha olo mudine bwanji, kuwalaku sikuboola khoma, kumangogunda nkubwerera.

Kwa achinyamata opanga timaloboti ndi Arduino, kabolodi kamagetsi kolembamo mapulogalamu, apa ndiye pokoma, kachipangizo kolandira infrared ka miyendo itatu ka VS1838B ndi rimoti yakale yotayidwa zakwana, mwawerenga ma kodi, batani ili kutsogolo, ili kumanzere, kagalimoto kayenda. Koma musakayesere panja masana, dzuwa lakunyanja kuno lili ndi infrared yambiri zedi moti limasokoneza kachipangizoko loboti nkumangoima osamva, pomwe m'nyumba imamvera bwinobwino pa mamita angapo.