Analira usiku wonse atabayidwa: kodi ndipite nayenso ku katemera?

Lolemba lina m'mawa, mzere wa sikelo utafika kale pageti, mayi wina wachitsikana anandipatsa kadi ya mwana wake maso ali pansi. Mwanayo anali ndi miyezi isanu. Pakadipo panali BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo a tsiku lobadwa, panalinso katemera wa masabata 6, koma kuchokera pamenepo mizere yonse inali mbee. Nditamufunsa mwakachetechete, anati: "Sisita, tsiku lija mwana anatentha thupi, ntchafu inatupa, analira mpaka kucha. Apongozi anga anati ndikabwera nayenso kuno ndidzamupha." Tsikulo anachita kuzemba, kunyumba atanena kuti akupita kumsika wa Soweto kukaoda tomato.

Ndine namwino, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndazithera m'chipinda cha ana pakiliniki ya m'komboni muno mu Lusaka. Apongozi aja sindiwaimba mlandu. Anaona mdzukulu wawo akuvutika, ndipo zimene anaonazo zinachitikadi. Palibe anawafotokozera tanthauzo lake, ndipo apa cholakwa n'chathu ife azaumoyo. Mzere ukatalika timabaya, kulemba tsiku lobweranso, n'kuitana wotsatira, mayi n'kupita kunyumba osadziwa zimene usiku umenewo ubweretse.

Mu katemera mumakhala kachidutswa ka kachilombo, kapena kachilombo kophedwa, kapena kofooketsedwa mpaka kosatha kudwalitsa mwana wathanzi. Thupi likakaona limadzutsa asilikali ake kuti akagwire ndi kukumbukira nkhope yake, monga mmene alonda a pamsika amasonyezerana mbala kuti tsiku lina ikadzabwera aizindikire ikadali pakhomo. Kudzuka kwa asilikaliwo n'kumene kumatenthetsa thupi ndi kutupitsa pamene pabayidwapo. Walira mvula walira matope. Jekeseni amene amachita zimenezi kawirikawiri ndi wa pantchafu uja timamutcha penta, amene amateteza matenda asanu nthawi imodzi: chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda a pakhosi otchedwa diphtheria, matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi kachilombo ka Hib koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Kutenthako kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Muyamwitseni pafupipafupi, musamufunditse mabulangete awiriawiri, ndipo potupapo ikani kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira. Musathowe ndi madzi otentha, musafikise, musapakepo chilichonse. Ngati pakufunika Panado wamadzi, funsani anamwino mlingo wake, chifukwa umatengera kulemera kwa mwana. BCG ali ndi khalidwe lakelake: pakapita masabata angapo pamkono pamatuluka kachilonda, nthawi zina kamatulutsa timafinya, kenako kamapola kokha n'kusiya chipsera. Musakafinye.

Sindingakuuzeni kuti katemera alibiretu choopsa. Pafupifupi kamodzi pa majekeseni 1 miliyoni, thupi limakana katemera mwamphamvu: nkhope imatupa, kupuma kumavuta. Izi zimachitika pakangopita mphindi zochepa, n'chifukwa chake timakupemphani kuti mukhale kaye pabenchi musanathamangire minibasi, ndipo mankhwala ake a adrenaline timakhala nawo pafupi. Mukafika kunyumba mwana n'kuyamba kuphupha, kukana bere, kufooka kwambiri, kulira mosatonthozeka maola atatu, kapena kutentha kukapitirira masiku awiri, bwererani naye msanga. Musangoti "ndi katemera uja." Malungo ndi chibayo sadikira kuti sabata ya katemera ithe, ndipo ndaonapo ana akufika mochedwa chifukwa aliyense kunyumba ankaganiza kuti ndi jekeseni. Vuto lililonse lalikulu lotsatira katemera timalilemba, ndipo limakafika ku bungwe la ZAMRA loyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Tsono ikani usiku umodzi wa kulira kumbali imodzi ya sikelo, kwinaku muikeko chikuku. Amayi ambiri a zaka 20 sanaonepo chikuku chenicheni, n'chifukwa chake saliopa dzina lake. Akuluakulu ena amanenabe kuti ndi matenda amene mwana aliyense ayenera kudutsamo, bola zidzolo zituluke bwino. Ine ndinachiona mu 2010, pamene mliri wake unakantha Lusaka ndi madera ena a dziko lino. Chimayamba ngati chimfine: kutentha thupi kwambiri, chifuwa, maso ofiira otuluka misozi. Patapita masiku angapo zidzolo zimayambira kumaso n'kutsika thupi lonse. Zidzolozo sizipha. Chimapha ndi chibayo ndi kutsegula m'mimba kumene kumabwera pambuyo pake, makamaka kwa mwana amene sakudya mokwanira. Ena chimawatupitsa ubongo. Ena chimawawononga maso mpaka khungu, makamaka ngati m'thupi muli vitamini A wochepa. Ndipo pali china chimene ambiri sachidziwa: chikuku chimaiwalitsa thupi matenda amene linaphunzira kale kulimbana nawo, moti mwana wochira amakhala wodwaladwala kwa miyezi yambiri. Mankhwala opha kachilombo ka chikuku kulibe. Chikalowa, ife timangothandiza thupi kupirira.

Kufala kwake n'koopsa. Wodwala akatsokomola m'chipinda n'kutulukamo, kachilomboko kangatsale mumpweya mpaka maola awiri. Pa anthu 10 osatetezedwa amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 amatenga. Taganizirani mmene timakhalira m'makomboni, ku Kanyama, ku Misisi, ku Chawama: mabanja angapo papuloti imodzi, ana kusewera pamodzi, minibasi yodzaza mawindo otseka m'nyengo yozizira, Lamlungu ana onse m'chipinda chimodzi kutchalitchi. Kubisa mwana kuti mpweya usamufike n'kosatheka. Ku Zimbabwe mu 2022 mliri umene unayambira m'chigawo cha Manicaland unapha anthu opitirira 700, pafupifupi onse ana, ndipo ambiri mwa iwo anali osabayidwa.

Katemera wa chikuku ndi rubella, matenda ena a zidzolo ofanana ndi chikuku, timapereka kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18, ndipo apa mpamene mtima wanga uli. Khanda limabadwa ndi chitetezo chobwereka kwa amake, chimene chimapita chikutha miyezi ikamadutsa. Tikabaya msanga kwambiri, chitetezo chobwerekacho chimasokoneza katemera. Tikachedwa, mwana amakhala pambalambanda. Miyezi 9 ndi pakati pa ziwirizi, koma ngakhale pamenepo katemera amagwira bwino mwa ana pafupifupi 85 pa 100. Otsala 15 aja sadziwika ndi maso, amaoneka athanzi ngati anzawo. Jekeseni wachiwiri ndi wa iwowo. Kuti chikuku chileke kuyenda pakati pa anthu, pamafunika kuti pafupifupi 95 pa 100 akhale otetezedwa, ndipo mpanda umenewu ndi umene umatchinga khanda la miyezi inayi la aneba anu limene silinafike msinkhu wobayidwa.

Kunena zoona, makolo okaniratu katemera ndimakumana nawo ochepa. Ana ambiri amatisowa mwakachetechete. Masabata 6, 10 ndi 14 amayi amabwera mokhulupirika, mwana akadali kumsana. Miyezi 9 ambiri amakumbukira. Koma pofika miyezi 18 mwana akuyenda, akudya nsima, amake abwerera kumsika kapena ku ntchito, mwina ali ndi pakati pena, mwina mwanayo watumizidwa kwa ambuya ake ku Katete kadi n'kutsala m'sutikesi ku Mtendere. Palibe anakhala pansi n'kunena kuti mwanayu asabayidwe, komabe sanabayidwe, ndipo kachilombo sikafunsa chifukwa.

Nanga mphekesera? Yakuti katemera amatseka mimba imabwera chaka chilichonse itavala zovala zina. Yankho langa limakhala pamzere womwewo: pafupifupi amayi onse amene akhala pabenchi ali ndi chipsera cha BCG pamkono, anamwa madontho, anabayidwa ali ana, ndipo lero aliyense wabereka mwana kumsana. Mphekesera imeneyi imandipweteka kwambiri ikamaletsa atsikana kulandira katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, pamene khansa ya khomo la chiberekero ndiyo khansa yofala kwambiri pakati pa amayi a m'Zambia. Ina imayenda pa WhatsApp ndi Facebook, yakuti katemera wa chikuku amachititsa mwana kusalankhula ndi kusacheza ndi anzake, vuto lotchedwa autism. Nkhaniyi inachokera kwa dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, amene mu 1998 analemba za ana 12 okha. Zitafufuzidwa, zinapezeka kuti munali chinyengo. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inachotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo chaka chomwecho analandidwa chilolezo cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana opitirira 650,000 ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse. Zizindikiro za autism zimayamba kuoneka pa msinkhu womwewo umene ana amalandira katemerayu, ndiye kholo lachisoni limagwirizanitsa ziwirizi. Kholo lotero limafunika kumvetseredwa ndi kuthandizidwa, osati kukalipiridwa.

Ena amati majekeseni achuluka, ife kale tinkabayidwa ochepa. N'zoona achuluka. Mu 2013 kunabwera katemera wa chibayo ndi madontho a rota oteteza kutsegula m'mimba koopsa kwa makanda, ndipo pa masabata 14 mwana amabayidwa katatu tsiku limodzi. Kuonerera zimenezo kumawawa mumtima. Koma mwana wokwawa pabwalo, woika m'kamwa chilichonse chimene watola, amakumana ndi tizilombo tambirimbiri tsiku lililonse kuposa zimene zili m'mabotolo onsewo. Kumuyamwitsa pamene akubayidwa kumachepetsa ululu, ndipo timalola.

Funso lina limabwera anthu ovala mabibu akamayenda khomo ndi khomo ndi madontho a poliyo: "Wanga analandira kale, mukufunanso chiyani?" Mu August 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe, wotchedwa wa kuthengo. Mu February 2022 Malawi inalengeza kuti kamtsikana ka zaka zitatu ku Lilongwe kapuwala ndi poliyo, ndipo kachilomboko kanali ka mtundu wochokera ku Pakistan. Chaka chomwecho anapezekanso ana ena ku Tete, ku Mozambique. Basi yochokera ku Lilongwe imafika pasiteshoni ya Intercity muno mu Lusaka tsiku lomwelo. Poliyo amayenda m'chimbudzi, ndipo amene amapuwala ndi mmodzi pa anthu pafupifupi 200 amene atenga. Otsalawo amamufalitsa osadziwa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegula. Njira imene kolera imadutsa mvula ikasefukira m'zimbudzi ndi yomweyo imene poliyo amadutsa. Madontho obwereza samupweteka mwana, amangolimbitsa chitetezo cha m'matumbo. Ndinenenso ichi poyera: kumene ana olandira ali ochepa, kachilombo kofooketsedwa ka m'madontho kangayende pakati pa ana osatetezedwa kwa nthawi yaitali mpaka kupezanso mphamvu. Chimene chimatseka njira imeneyo ndi kuchuluka kwa ana olandira, pamodzi ndi jekeseni wa poliyo wa pa masabata 14.

Kwa abale amene chikhulupiriro chawo chimakayikira za chipatala, ndilibe mawu onyoza. Inenso ndimapemphera ndisanayambe ntchito. Pempho langa n'lakuti mubwere tidzakambirane, abusa anu ngati afuna abwere nawo, chifukwa mwanayo sangadziyankhulire ndipo thupi limene lidzadwale ndi lake.

Chimfine, kachifuwa kapena kutsegula m'mimba pang'ono si chifukwa chophonyera tsiku. Mwana wodwala kwambiri timayamba tamuchiza. Ngati katemera wam'mbuyo anamuvutitsa moopsa, kapena ali ndi matenda ofooketsa chitetezo, tiuzeni tisanabaye, chifukwa pali akatemera ena amene timayamba taganizira. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, ndi wobadwa masiku osakwana, amafunika chitetezochi koposa. Mukaphonya, sitiyambiranso pachiyambi, timapitiriza pamene munalekera. Kadi ikasowa kapena ikanyowa, bwerani chomwecho tidzayang'ana m'buku. Kukiliniki ya boma katemera wa ana salipiritsa, ndipo sabata ya umoyo wa ana imene imachitika kawiri pachaka ndi mpata wokwaniritsa zotsala. Atate, kadi imeneyi ndi yanunso. Itengeni madzulo ano muone ngati mzere wa miyezi 18 uli ndi tsiku.

Mayi uja mwana wake analandira penta wachiwiri tsiku lomwelo, ndipo ndinamupempha kuti ulendo wotsatira adzabwere ndi apongozi ake. Patapita masabata anayi anabweradi, mwana ali kumsana kwa ambuya ake. Ndinawapatsa mpando n'kuwafotokozera zonse zimene ndalemba panozi. Anamvetsera osayankha, kenako anapinda mkono wa bulauzi n'kundionetsa chipsera chachikulu chozungulira, cha katemera wa nthomba, matenda amene dziko lonse linalengeza mu 1980 kuti atheratu. Anati anachilandira ali kamtsikana kumudzi, pansi pa mtengo, ndipo mkono unawawa sabata yonse. Sananene kuti avomera. Anangomasula chitenje, n'kumukhazika mdzukulu pamiyendo pawo, n'kumugwira ntchafu kuti ndibaye.