Musanachepetse ndiwo, werengani kaye ngongole zanu

Anthu ambiri amene amabwera kudzafunsa nzeru za momwe angatulukire m'ngongole amayamba ndi kundiuza zomwe asiya: nyama sakudyanso, ana akupita kusukulu opanda kamba, bambo akutsika wapansi kuchoka ku Ndirande mpaka m'tauni. Ndikawafunsa kuti ngongole zonse pamodzi zikukwana zingati, nanga iliyonse ikubereka zingati pamwezi, ambiri amangoyang'ana kudenga. Vuto lagona pamenepa. Kudzimana kumapindula ngati ndalama yomwe mwapulumutsayo mwaikonzera kale kolowera.

Ndiye poyambira si kukhitchini ayi. Pezani kope, mukhale pansi, mulembe aliyense amene akukufunani ndalama. Aliyense ndithu: banki, SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) ya kuntchito, banki mkhonde, wakatapila amene anasunga khadi lanu la ATM, adivansi ya kuofesi, ngongole ya pafoni, kabuku ka pa okala, lendi yotsalira, ngakhalenso alamu anu aja amene anasiya kukukumbutsani chifukwa cha manyazi. Pa dzina lililonse lembani ndalama zotsala, tsiku lobweza, ndi chiwongoladzanja chake pamwezi. Chikhale cha pamwezi pa onse, chifukwa banki imatchula cha pachaka pomwe wakatapila amatchula cha pamwezi, ndipo manambala awiriwa mukangowayang'ana osawasintha amakunamizani.

Tiyerekeze. Ngongole ya kubanki ya 36 pa 100 pachaka imamveka yoopsa, ndipo ndi yoduladi. Pomwe Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100 mu February 2024, kubwereka kubanki kunasiya kukhala nkhani yamasewera. Koma mukagawa 36 uja pa miyezi 12, mupeza 3 pa 100 pamwezi. Banki mkhonde yomwe imatenga 20 pa 100 pamwezi ikudula kuposa pamenepo maulendo opitirira 6, ngakhale kuti kumeneko gawo lina limakubwererani pogawana kumapeto kwa chaka. Nanga katapila wa 50 pa 100? Mwatenga K100,000, mwezi watha, K150,000 mulibe, ndiye mwangopereka K50,000 yapamwambayo kuti akusiyeni. Mukachita zimenezi miyezi 6 mwataya K300,000, koma K100,000 ija ili chikhalire. Munthu wotere angasiye nyama, shuga ndi sopo yemwe, sasuntha.

Choncho ngongole zina zonse muzipereka gawo lomwe munagwirizana basi, osaonjezera, ndipo ndalama iliyonse yomwe mwaidula panyumba ipite pa ngongole yodula kwambiriyo mpaka ithe. Ikatha, ndalama yomwe inkapita kumeneko isalowe m'poto, itsikire pa ngongole yotsatira. Alangizi ena amati yambani ndi ngongole yaing'ono kwambiri kuti mtima ulimbe mukaona dzina limodzi lafufutika m'kope. Sindikuwatsutsa ngati ngongolezo zikufanana mtengo. Koma pomwe pali katapila, ine sindiona chokambirana. Chokhacho chomwe ndimachiika patsogolo pake ndi lendi, poti katundu akakhala panja ku Bangwe nthawi ya mvula, mudzabwerekanso ina yokulirapo.

Tsopano ndalama yodulayo ichokera kuti? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo malipiro a anthu ambiri sanathamange liwiro la mitengo. Bajeti yomwe muli nayo m'mutu mwina ndi ya mitengo yakale. Lembani chilichonse chomwe chatuluka m'thumba kwa mwezi wathunthu, mpaka ya kabaza ndi ya mandasi.

Chomwe chimadabwitsa mabanja ambiri m'kopemo ndi mtengo wogula pang'onopang'ono. Wokimani ya ufa madzulo aliwonse, mafuta oyeza m'kachubu, kajumbo ka makala, shuga wa pasupuni. Chilichonse chimaoneka chotchipa, koma mukaonkhetsa masiku 30 mupeza kuti mwalipira zambiri kuposa amene anagula kamodzi. Chimanga ndiye nkhani yaikulu. Mtengo wake umatsika nthawi yokolola, kuyambira April mpaka June, n'kukwera kwambiri mu January ndi February. Banja lomwe lagula matumba ake nthawi yokolola, kuthira mankhwala a nankafumbwe n'kumapita kuchigayo lokha, limadutsa miyezi ya njala mosiyana ndi lomwe likudalira pa okala. Ngati ndalama yogulira chigubu chonse cha mafuta kapena belo la shuga palibe, gwirizanani ndi aneba awiri atatu mukaode ku Limbe n'kudzagawana. Chonde musatenge katapila kuti mukagule zooda. Phindu lonselo lithera mwa wakatapilayo.

Pa moto palinso ndalama. Nyemba zomwe zagona m'madzi usiku zimapsa msanga, ndipo mbaula yokhala ndi dongo m'kati imasunga moto kuposa yachitsulo chokhachokha. Pa mayunitsi a ESCOM, mababu ndi foni sizidya zambiri. Odya ndi zinthu zotenthetsa monga giza, hotipuleti, ketulo ndi ayironi. Kusita zovala za sabata yonse tsiku limodzi kumathandiza kuposa kukalipira ana chifukwa asiya getsi loyaka kubafa. Mpope wodontha ukonzedwe msanga, chifukwa mita ya Blantyre Water Board imawerenga usiku wonse.

Za mabandulo, mowa wa Lachisanu ndi kubetcha sindinena zambiri, aliyense akudziwa gawo lake. Kungoti kubetcha pofuna kupeza yobwezera ngongole ndi njira yomwe ndaona ikumiza anthu a ntchito zabwino ndithu.

Povuta penipeni ndi pa abale ndi anansi. Chinkhoswe cha mwana wa aneba chikufuna nsalu yofanana, bridal shower Loweruka, perekaniperekani Lamulungu, ndiye kumudzi ku Thyolo kapena ku Chiradzulu aimba kuti feteleza. Sindingalangize munthu kusiya kupita kumaliro kapena kutaya makolo, chifukwa tsiku lanu likadzafika ndi anthu omwewo amene adzagone panja panu. Koma zopereka zimenezi zikhale ndi malire olembedwa, ndalama yakutiyakuti pamwezi, ikatha yatha. Ku ukwati mukhoza kuthandiza ndi manja, kuphika kapena kunyamula mipando, osaponya. Makolo auzeni zoona m'malo mozimitsa foni: "Amayi, kuyambira mwezi uno mpaka December ndizitumiza K20,000 yokha, ndikutseka kaye ngongole." Adandaula tsiku limodzi, koma adziwa chodalira, kusiyana n'kutumiza zambiri lero, mwezi wamawa zii.

Tsiku lolandira ndi lomwe limapha kapena kupulumutsa dongosolo lonseli. Ndalama ikangokhala mu Airtel Money kapena Mpamba imatha osaiona, ndipo nthawi iliyonse yomwe mwapatula kwa ejenti pali yodulidwa, choncho kupatula K2,000 kakhumi kumadula kuposa kupatula K20,000 kamodzi. Tsiku lomwelo perekani lendi, gulani chakudya cha mwezi, ikani padera ya minibasi ndi gawo la fizi, ndipo ya ngongole ichoke dzuwa lisanalowe. Mukati mudzabweza ndi yotsala kumapeto kwa mwezi, sipadzatsala kanthu. Ikaninso kena kake pambali, ngakhale K5,000, ka mwana akadwala usiku. Ena amaona ngati n'kupusa kusunga ndalama uli ndi ngongole, koma matenda ndi maliro ndiwo amabwezera anthu kwa wakatapila yemwe anangomaliza naye.

Zonsezi sizitheka ngati mmodzi m'banja akubisa. Nthawi zambiri bambo amakhala ndi katapila yemwe mayi sakumudziwa, mayi nawo ali m'magulu awiri a banki mkhonde, akutenga uku n'kukabweza uko. Mutu umodzi susenza denga. Kope lija likhale limodzi, nonse awiri mulembemo zanu, ndipo tsiku loululalo lisakhale tsiku la mlandu.

Kutenga ngongole pofuna kutseka ina kumaloledwa pa chifukwa chimodzi chokha: yatsopanoyo ikhale yotchipa pamwezi ndipo yakaleyo ithe yonse tsiku lomwelo. Ngongole ya ku SACCO yotsekera katapila ndi nzeru. Musanasaine paliponse, funsani ngati chiwongoladzanja amawerengera pa ndalama yotsala kapena pa yonse yomwe munatenga pachiyambi, chifukwa njira yachiwiriyi ndi yodula ngakhale nambala itafanana. Funsaninso za ndalama zodulidwa poyamba, za inshulansi, komanso ngati pali chilango mukabweza nthawi isanakwane. Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, pitani ku banki tsiku lisanafike mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi. Mbiri ya kabwezedwe kanu imapita ku mabungwe osunga mbiri za obwereka, ndipo kuthawa foni kudzakutsekerani zitseko mtsogolo.

Wakatapila nayenso amakambika. Ena amalola kuimitsa chiwongoladzanja akaona kuti mwabwera ndi gawo looneka la ndalama yawo komanso tsiku lenileni lomalizira. Pitani ndi mboni, zomwe mwagwirizana zilembedwe, ndipo chilichonse chomwe mwapereka asainire. Mukamaliza, tengani chikole chanu pompo, kaya ndi TV kaya makina osokera, landirani khadi lanu la ATM, ndipo mukasinthe PIN tsiku lomwelo musanafike kunyumba.