Jekete yachikopa yotchipa pa njinga yamoto: mafunso ndi mayankho pa muyezo wa EN 17092

Okwera njinga zamoto ambiri, kaya ndi a kabaza ku Lilongwe kaya ndi abale athu operekera zakudya m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town, amagula jekete yachikopa pokhulupirira kuti bola ndi chikopa, thupi latetezeka. Ku Ulaya kuli muyezo umene umasiyanitsa jekete yoteteza ndi jekete yongotchenera. Majekete ena amene timawapeza pa kaunjika anasokedwa motsatira muyezowu, ambiri ayi, ndipo munthu akhoza kuwasiyanitsa asanatulutse ndalama.

Muyezo umenewu unachokera kuti?

Pa 21 April 2018 lamulo la European Union lotchedwa Regulation 2016/425 linayamba kugwira ntchito. Kuchokera pamenepo, chovala cha wokwera njinga yamoto chimene chikugulitsidwa ngati choteteza chimayenera kuyesedwa kaye ndi labotale yovomerezeka, yosakhala ya kampani imene yasoka chovalacho. SATRA ndi Ricotest ndi ena mwa malabotale odziwika pa ntchitoyi. Mayeso enieniwo analembedwa mu EN 17092, muyezo umene unatuluka mu 2020. Usanabwere kunali EN 13595 wa mu 2002, koma unali wa anthu amene njinga ndi ntchito yawo, monga apolisi, ndipo makampani ambiri sankavutika n'kupititsa zovala zawo kukayesedwa. Dziko la Britain linatuluka mu European Union koma likutsatirabe muyezo womwewu, ndiye kumeneko mupeza chizindikiro cha CE, chosonyeza kuti chinthu chakwaniritsa malamulo a European Union, kapena cha UKCA, chimene ndi cha Britain.

Ndiye kuti wokwera wosavala jekete yotereyi akuphwanya lamulo?

Ayi. Lamuloli limamanga wopanga ndi wogulitsa, osati wokwera. Ku Britain chimene wokwera amakakamizidwa kuvala ndi chisoti chokha. Ku France anawonjezera magolovesi okhala ndi CE mu 2016. Kuno kwathu apolisi apamsewu amafunsa chisoti, laisensi ndi inshuwalansi, sasuzumira m'kati mwa jekete. Phindu la muyezowu kwa ife n'lakuti umatipatsa njira yodziwira chimene tikugula.

Zilembo AAA, AA, A, B ndi C zimatanthauza chiyani?

Ndi magulu a chitetezo. AAA ndiye wapamwamba, ndipo kawirikawiri amakhala majekete a chikopa chokhuthala, olemera, a anthu othamanga kwambiri. AA ndi wa maulendo ataliatali. A ndi wopepuka, wa m'tauni. B amapirira kukhuzika pamsewu mofanana ndi A koma alibe mapadi, zija zolimba zimene amaika m'mapewa ndi m'zigongono. C ndi chovala chongonyamula mapadi, chosati n'kudalira pokhuzika, moti chimavalidwa pamodzi ndi china.

Chilembocho chimakhala pa lebulo yosokerera m'kati, pamodzi ndi kachithunzi ka munthu ali pa njinga yamoto ndi nambala ya muyezo: EN 17092-2:2020 ndi ya AAA, yothera -3 ndi ya AA, -4 ya A, -5 ya B, -6 ya C. Chilembo ndi nambala zikapanda kugwirizana, lebuloyo ndi yokayikitsa.

Amaiyesa bwanji jeketeyo?

Mayeso aakulu ndi a kukhuzika. Amagwiritsa ntchito makina amene anapangidwa pa yunivesite ya Darmstadt ku Germany. Amadula tizidutswa ta chovalacho, n'kutimangirira ku mikono ya makina imene imazungulira mothamanga, kenako n'kuigwetsera pa konkire kuti ikwekwerezeke mpaka itaima yokha. Pakapezeka chibowo choposa mamilimita 5 chofika m'kati, chovalacho chalephera.

Jekete amaigawa m'zigawo zitatu malinga ndi mmene munthu amagwera. Mapewa ndi zigongono ndi zimene zimayamba kugunda pansi, ndiye zimayesedwa mwamphamvu kuposa pena paliponse: pa liwiro lofanana ndi pafupifupi makilomita 120 pa ola kwa AAA, 70 kwa AA, ndi 45 kwa A. Kumsana ndi kunja kwa mikono liwirolo limatsika, ndipo pachifuwa ndi m'kati mwa mikono limatsikanso.

Pali mayeso enanso amene wogula saawaganizira. Amakoka misoko mpaka itaphulika kuti aone mphamvu imene yapirira. Amayesa mmene chikopa chimang'ambikira chikayamba kale kuchekeka. Amakoka mkono wa jekete kuti aone ngati sungapindikire m'mwamba n'kusiya mkono wa munthu pamtunda. Amafufuzanso mankhwala otsalira pofufuta chikopa, monga chromium VI, amene amayabwa ndi kutupitsa khungu munthu akatuluka thukuta.

Ndiye ndikavala ya AAA ndikhoza kugwa pa 120 osavulala?

Ayi ndithu. Manambalawa ndi a mu labotale, pa konkire, pa tizidutswa timene timagwa mwa njira imodzi. Msewu weniweni uli ndi miyala, maenje ndi ngalande. Komanso jekete imateteza khungu ndi minofu kuti zisasupuke, mapadi n'kuchepetsako mphamvu ya kumenyetseka. Munthu akawombana ndi minibasi kapena mtengo, palibe chikopa chimene chingaletse fupa kuthyoka.

Koma chikopa si cholimba kale mwachilengedwe?

Chikopa chabwino ndi cholimbadi, ndipo n'chifukwa chake a mipikisano ya njinga zamoto amavalabe chikopa mpaka lero. Vuto n'lakuti zikopa sizifanana. Jekete ya pa njinga imasokedwa kawirikawiri ndi chikopa cha ng'ombe chokhuthala mamilimita 1.2 mpaka 1.4. Jekete yotchenera imasokedwa ndi chikopa cha nkhosa, chofewa ndi chokoma pogwira, chimene nthawi zambiri sichifika n'komwe milimita imodzi. Kufewa kumene kumakopa wogula ndi kumenenso kumachititsa kuti chibooke msanga pa tala.

Ndiye palinso chinyengo cha m'mafakitale. Chikopa cha ng'ombe n'chokhuthala kwambiri moti amachilenga pakati n'kutulutsa zikopa ziwiri. Chapamwamba, kumene kunali ubweya, ndicho chili ndi mitsitsi yolukana mothinana. Chapansi n'chofooka, koma akachipaka utoto ndi pulasitiki n'kudindapo timizere chimaoneka ngati chapamwamba, ndipo wogulitsa sanama akamati ndi chikopa chenicheni. Kutsika apo pali zinyenyeswa za zikopa zomatidwa ndi guluu, ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki ya PU, ija imasendeka m'kolala pakatha miyezi ingapo. Pulasitiki ikakhuzika pa tala imatentha n'kusungunuka, ndipo ikhoza kukanirira pabala.

Komabe chimene chimalephera kawirikawiri pa majekete otchipa ndi misoko. Chikopa chikhoza kupirira, koma ngati phewa linalumikizidwa ndi mzere umodzi wa ulusi woonekera kunja, msewu umadya ulusiwo nthawi yomweyo, jekete n'kutseguka pamalo pomwe imafunika kwambiri. Jekete yosokedwa bwino imakhala ndi msoko wina wobisika m'kati umene tala sangaufike.

Wogulitsa akuti jekete yake ili ndi CE. Zakwana?

Funsani kuti CE imeneyo ndi ya chiyani. Majekete ambiri otchipa, makamaka a pa intaneti, amalengezedwa ndi CE pamene chimene chinayesedwa ndi mapadi okha, jekete yeniyeniyo ayi. Mapadi ali ndi muyezo wawowawo. EN 1621-1 ndi wa mapewa, zigongono, mawondo ndi m'chiuno: amagwetsera chitsulo cha makilogalamu 5 pa padi n'kuyeza mphamvu imene yadutsa, imene amaiwerenga mu ma kilonewton (kN). Pa Level 1 isapose 35 kN, pa Level 2 isapose 20 kN. EN 1621-2 ndi wa padi ya kumsana, ndipo malire ake ndi 18 kN ndi 9 kN. Nambala yochepa ndiyo yabwino.

Padi yabwino mu jekete yofooka sithandiza kwenikweni, chifukwa msoko ukaphulika padiyo imachoka pamalo pake. Tulutsani mapadiwo muwaone: oyesedwa amakhala ndi nambala ya muyezo yodindidwa pa iwo eni. Dziwaninso kuti muyezowu sukakamiza padi ya kumsana ngakhale pa AAA, ndiye m'thumba la kumsana mumapezeka kawirikawiri kasiponji wamba kongodzazira malo.

Ndiye yotchipa iliyonse ndi yosathandiza?

Ayi, ndipo apa ndi pamene muyezowu ukukomera munthu wa ndalama zochepa. Mtengo wa jekete umakwera ndi dzina la kampani, masitayelo ndi lendi ya sitolo, zinthu zimene sizipulumutsa khungu la munthu. Mzinda wa Sialkot ku Pakistan umasoka majekete ochuluka a pa njinga zamoto, ena a makampani otchuka a ku Ulaya, ena opanda dzina, ndipo dziko limene jekete yachokera silikuuzani kanthu za kulimba kwake. Jekete yotsika mtengo yokhala ndi AA yoona imaposa jekete yodula ya m'sitolo ya zovala zotchenera.

Kufunika koyesa kunaoneka bwino pa kafukufuku amene Liz de Rome ndi anzake anachita ku Canberra, Australia, wofalitsidwa mu 2011. Anatsatira anthu 212 amene anachita ngozi pa njinga zamoto. Amene anavala zovala za pa njinga sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ngati amene sanavale, ndipo zovalazo zikakhala ndi mapadi kuvulala kunkachepa. Koma anapezanso kuti majekete oposa limodzi mwa anayi alionse anang'ambika kapena kubooka pangoziyo, ngakhale anagulitsidwa ngati a pa njinga. Ku Australia ndi New Zealand tsopano kuli pulogalamu ya MotoCAP, imene inayamba mu 2018. Iwo amagula zovala m'masitolo, kuziyesa, n'kuzipatsa nyenyezi za chitetezo ndi za kapitidwe ka mphepo, ndipo zotsatira zake aliyense akhoza kuziona pa intaneti kwaulere.

Nanga ya pa kaunjika, yopanda lebulo, ndiiona bwanji?

Yambani mwafufuza lebulo ija m'mbali mwa m'kati ndi m'matumba, chifukwa ena amaiphonya. Ikasowa, sikuti jeketeyo ndi yoipa. Majekete ambiri abwino anasokedwa 2018 isanafike. Kungoti tsopano woyesa ndinu.

Inyamuleni. Jekete ya pa njinga imalemera ndipo imakhala youma pang'ono, siigwa lendelende ngati shati. Pezani pamene m'mphepete mwa chikopa mukuonekera, monga pafupi ndi zipi kapena kumapeto kwa mkono, muone kukhuthala kwake ndi kuseri kwake. Kuseri kukakhala nsalu yolukidwa, imeneyo ndi pulasitiki. Kokani msoko wa paphewa ndi wa m'mbali ndi manja awiri: ulusi ukaonekera ngati mano, isiyeni. Werengani zidutswa. Jekete yolumikizidwa ndi tizikopa tambirimbiri ili ndi malo ambiri ophulikira, pamene yabwino imakhala ndi chikopa chachikulu kumsana ndi kunja kwa mikono. Pisani dzanja m'kati mwa phewa ndi chigongono muone ngati muli matumba a mapadi, chifukwa amenewo ndi umboni wakuti wosoka ankaganiza za njinga.

Kenako ivaleni, mutseke zipi, mutambasule manja ngati mwagwira mahandulo. Mikono ifike pamfundo ya dzanja ndipo ikhale ndi zipi kapena lamba wothinitsa. Kumbuyo itsike mokwanira kuphimba chiuno mutawerama. Yaikulu kwambiri musatenge ngakhale itchipe bwanji, poti pogwa imakwera m'mwamba n'kusiya msana pabwalo. Pindani chikopacho pang'ono. Chikachita ming'alu kapena kumveka chouma ngati katoni, chinatha mphamvu ndi ukalamba, dzuwa kapena nkhungu ya mu belo.

Kodi telala sangailimbitse jekete yotchenera?

Wosoka zikopa akhoza kuika matumba a mapadi kapena kusintha zipi pa jekete imene ili kale yolimba, ndipo zimenezi n'zothandiza. Koma chikopa chopyapyala sangachikhuthalitse. Kubwereza msoko pa chikopa chofooka kumangowonjezera zibowo za singano pamzere umodzi, pamene chidzang'ambikire mosavuta.

Kutentha kwa October, ndani angavale chikopa tsiku lonse?

Funso limeneli ndi lenileni, ndipo muyezowu unaliganizira. N'chifukwa chake gulu la A lilipo. Wa kabaza ku Nsanje kapena ku Salima sangapirire jekete ya AAA masana. Aivula n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga, kapena aivala n'kumatopa ndi kutentha mpaka maganizo kuchoka pamsewu. Kwa munthu woyenda m'tauni pa liwiro lochepa, jekete yansalu yokhala ndi timabowo tolowetsa mphepo, ya A kapena AA, yokhala ndi mapadi, ndi yanzeru kuposa chikopa chilichonse chosayesedwa. Chikopa chakuda chilinso ndi vuto lakuti sichioneka usiku, ndiye valani chovala chonyezimira pamwamba pake. Ndipo ngati ndalama zili zochepa, chisoti chabwino chiyambe, chifukwa kuvulala m'mutu ndi kumene kumapha okwera ambiri. Magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo zisatsalire kutali, poti manja ndi mapazi ndi amene amafika pansi msanga.

Jekete imene yagwapo kale ingavalidwenso?

Zimatengera pamene yakhudzidwa. Chikopa chokhuthala chikangokalika pamwamba chimagwirabe ntchito. Ngati chapyapyala pamalo pamene chinakhuzika, kapena ulusi wa msoko wadyeka, malo amenewo sadzapiriranso kachiwiri mpaka wodziwa zikopa asinthe chidutswa chonsecho. Mapadi atulutseni muwapinde, ndipo amene asweka, auma kapena aphwatalala agulidwe ena. Pogula ya pa kaunjika yang'anani zizindikiro zomwezi paphewa ndi pachigongono, makamaka pamene papakidwa polishi wambiri kuposa pena ponse.