Agogo sangamange mvula ya maiko anayi

Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique ndipo ndatopa nazo zoti "mvula wayimanga ndi uje". Chilala cha 2024 chija inali El Niño, madzi a nyanja ya Pacific akatentha mvula imachepa kuno kwathu, chimanga chinapserera ku Zambia, Zimbabwe, Malawi ndi ife tomwe, ndiye agogo amodzi apamudzi panu angamange mvula ya maiko anayi?

Pamudzi wina kufupi ndi Ulongwe dambo linauma kutsala chitsime chimodzi, ng'ombe za banja lina popita kukamwa zimadutsa m'dimba la eni ake nkumadya kabichi. Ndinawauza anyakwawa kuti khazikani anthuwa pansi, muwapatse njira ya ng'ombe ndi masiku omwetsera. Iwo akuti tidikire mvula, zizizira zokha. Sizinazizire. Eni ng'ombe anapita kwa sing'anga, iye kudya nkhuku ndi mametikali nkuloza mayi wokalamba, mwini dimba uja, akuti ndi amene akuumitsa dambo. Usiku nyumba inapsa ndi nkhokwe yomwe. Ndinafika m'mawa ndikupeza mayiwo akutola chimanga chowauka m'phulusa kumaika mu chitenje, osalira nkomwe. Mdzukulu wawo anali atakhapidwa chikwanje pamkono.

Zoterezi sizinayambe lero ayi. M'ma 1820 chilala ndi dzombe zinasakaza chigwa cha Zambezi, ma prazo ambiri, minda ikuluikulu ya Apwitikizi, anapasuka, achikunda, asilikali a eni mindayo, atasowa chakudya anayamba kulanda m'midzi, ndipo Angoni a Zwangendaba powoloka Zambezi mu 1835 anapeza anthu ofooka kale. Koma inu ophunzira mumati chilala chimabala nkhondo basi, nanunso dekhani. 1992 kunali chilala choopsa, asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya kuno kwathu kutchire analibe chodya, ndipo pa 4 Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Chissano ndi Dhlakama, mtsogoleri wa gulu lomenyana ndi boma la Renamo, anasaina mtendere ku Roma. Njala yomweyo.

Kunja kukutentheratentherabe, madambo aziuma msanga, ndiye chitsime chikayamba kutsika mu Ogasiti musadikire Novembala, pitani kwa anyakwawa sabata yomweyo, akazengereza itanani ife alangizi. Sing'anga akangotchula dzina la munthu kuti wamanga mvula, imeneyo ndi nkhani ya ku polisi, musamupatse ndi khobidi lomwe.

Mayi aja anasamukira kwa mwana wawo ku Moatize. Dimba lija mpaka pano palibe akulima.