Khonsolo ili ndi mphamvu yotseka msewu wodutsa pamadzi

Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti msewu wa anthu onse sungatsekedwe ndi khonsolo, poti unamangidwa ndi ndalama za misonkho. Ku England zimenezi si zoona. Ufulu wodutsa ulipodi, koma lamulo la Road Traffic Regulation Act la 1984 limapatsa khonsolo mphamvu yotseka msewu kwa kanthawi, mpaka miyezi 18, ngati anthu ali pachiopsezo.

Taonani zomwe zinachitika ku Rufford Ford, m'chigawo cha Nottinghamshire. Pamenepo msewu umadutsa m'madzi enieni a kamtsinje ka Rainworth Water. Madzi akasefukira, madalaivala ena ankalowamo ndi liwiro lamisala, khamu la anthu litaima m'mbali n'kumajambula kuti akaike pa TikTok ndi YouTube. Injini zambiri zinafera pomwepo. Mu Disembala 2022 khonsolo ya Nottinghamshire inatseka malowo, ndipo kwa ine inachita kuchedwa.

Kuufafaniziratu msewu ndiye nkhani ina. Kawirikawiri khonsolo imakapempha chilolezo kukhoti la majisitireti, ndipo anthu okhudzidwa amapatsidwa mpata wokatsutsa.